Samusa wa Zipatso: Luso la ku Joni, Mango a Pakhomo

Amene adaimapo pa siteji ya minibasi pa Liwonde kapena pa depoti ya Balaka akudziwa zimene zimachitika galimoto ikangoima. Anyamata amathamangira pa zenera, wina ndi chimanga chootcha, wina ndi mazira ophika, wina ndi beseni la maapozi onyezimira ngati awapaka mafuta. Mwana amene ali pamiyendo sayang'ana chimanga ayi. Maso ake amakhala pa apozi. Kholo limafunsa mtengo, n'kupukusa mutu, kenaka n'kugula mmodzi woti ana atatu agawane. Kwathu kuno apozi ndi chipatso chopita nacho kukazonda wodwala kuchipatala, kapena chobwera ndi mlendo wochokera m'tauni.

Koma banja lomwelo likafika kumudzi mwezi wa Disembala limapeza mango ali mbwee pansi pa mtengo, ana atopa nawo, mbuzi nazo zatopa nawo, zatsala ntchentche zokha. Chipatso chakutali tikuchigula chimodzichimodzi ndi ndalama yosowa, pamene chipatso cha pakhomo tikuchisesera kudzala. M'kope lino, awerengi athu, tafuna tikambirane za chakudya chimodzi chimene chidatiphunzitsa kuziona mwatsopano zipatso ziwirizi.

Kalumo ka mlendo

Achimwene athu ena adakhala zaka zingapo ku Joni, monga achitira anyamata ambiri a ku Machinga, Balaka ndi Mangochi. Ntchito adaipeza m'bekale ina ku Johannesburg, kumene adayamba ndi kutsuka mathireyi mpaka adafika pololedwa kugwira fulawa. Pobwerera kumudzi sadabwere ndi galimoto kapena wailesi yaikulu monga anzawo, ndipo ena pamudzi adanong'onezana kuti munthuyu adangopita kukataya nthawi. Koma akuluakulu adati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tsiku lina adapita kumsika wa Liwonde, nabwerako ndi fulawa, majarini ndi maapozi asanu, ndipo m'mawa mwake banja lonse lidamwera tiyi chakudya chimene ambiri a ife tidali tisadachilawepo.

Kunja kwake chidali chofiirira, chofumbutuka pochiluma, chokhala ndi timapepala tosanjikizana ngati masamba a buku. M'kati mwake mudali maapozi ophika ndi shuga, owawasira pang'ono, onunkhira sinamoni. Achimwenewo adati Azungu amachitcha apple turnover, kutanthauza payi wa maapozi wochita kupinda. Anganga athu, atachitembenuza m'manja kawiri, adaweruza kuti dzina lonselo ndi lalitali pachabe, ameneyu ndi samusa wa zipatso basi. Dzinalo lidakhazikika pakhomo pathu mpaka lero.

Tsono ife amayi tidaona ngati nkhani yachepa. Takhala tikukanda chapati ndi kupinda samusa zaka zambiri, nanga mwana wamwamuna angatiphunzitse chiyani kukhitchini? Achimwene atapita ku Ntaja kukaona achibale, tidasonkherana ndalama, tidagula maapozi asanu ndi mmodzi, n'kuyamba ntchito masana dzuwa la Okutobala lili pamutu. Majarini adasungunuka tisadamalize kusakaniza. Fulawa tidaukanda mwamphamvu monga tichitira ndi chapati. Maapozi tidawaika m'kati akadali otentha. Zimene zidatuluka mumphika zidali zolimba ngati chikopa cha ng'oma, zophulika m'mbali, madzi a shuga atapserera pansi. Ana adadya poti ana sakana shuga, koma ndalama ya maapozi aja imatiwawabe tikaikumbukira. Safunsa adadya phula.

Wachibale wa samusa

Anganga sadalakwe pomutcha samusa. Nzeru yokulunga chakudya m'fulawa wopyapyala n'kupinda ndi yakale kwambiri, ndipo mitundu yambiri ya anthu ili nayo. Dzina loti samusa lidachokera ku liwu la Chiperisiya. Buku lina la zophikaphika lolembedwa ku Baghdad m'chaka cha 1226 limafotokoza samusa wa nyama, komanso wina wotsekemera woikamo shuga ndi mtedza wa alimondi. Nayenso Ibn Battuta, mlendo wotchuka wa ku Morocco amene adayenda maiko ambiri m'zaka za m'ma 1300, adasimba za samusa amene ankaperekedwa pa chakudya kunyumba ya mfumu ku Delhi. Choncho samusa wotsekemera si chinthu chachilendo pakati pa Asilamu.

Azungu nawo adali ndi njira yawo. Ku France kuli tauni yotchedwa Saint-Calais, kumene mwezi wa Sepitembala chaka ndi chaka amachita chikondwerero cha payi wa maapozi ameneyu. Eni ake amasimba kuti m'chaka cha 1630 m'taunimo mudagwa mliri, ndipo mayi wina wolemera adagawira osauka fulawa ndi maapozi, iwo n'kupanga chakudyachi. Chimene tikuona m'nkhaniyi ndi chakuti anthu aja adaika maapozi chifukwa ndicho chipatso chimene chidali pafupi nawo. Akadakhala a ku Ulongwe kapena ku Nselema, sitikukayika kuti akadaika mango.

Chifukwa chake apozi amadula

Mtengo wa apozi kwawo kwenikweni ndi kumapiri ozizira a pakati pa Asia, m'dziko la Kazakhstan, kumene ngakhale dzina la mzinda wa Almaty lidachokera ku liwu lotanthauza apozi. Mtengowu umafuna kugona m'nyengo yachisanu. Mitundu yambiri imafuna maola mazanamazana a kuzizira kosapitirira madigiri 7 kuti idzachite maluwa bwino. Ilipo mitundu ina yosafuna chisanu chambiri, monga Anna ndi Dorsett Golden, ndipo m'madera okwera a dziko lino alipo alimi amene amakolola maapozi pang'ono. Koma Liwonde ali m'chigwa cha Shire, pafupifupi mamita 500 okha pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo kutentha kwa Balaka mu Okutobala ndi Novembala sitichita kuuzana. Kuno apozi sangakondwe.

Motero maapozi ambiri amene timawaona m'misika yathu amachokera ku South Africa, makamaka kumadera a Elgin, Grabouw ndi Ceres kufupi ndi Cape Town. Amasungidwa m'nyumba zozizira, n'kuyenda pa galimoto mtunda wopitirira makilomita 3,000 kuti adzafike m'beseni la mnyamata wa pa siteji. Amagulidwa ndi ndalama zakunja, choncho kwacha ikagwa mphamvu, monga idachitira ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa apozi umakwera nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso fulawa, pakuti tirigu amene timalima kuno, cha ku Tsangano ndi ku Neno, ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi amene timaitanitsa kunja. Fulawa sitingamuthawe pa chakudyachi, koma chipatso tingathe kusankha.

Atabwerako ku Ntaja n'kumva za tsoka lathu, achimwene adaseka pang'ono, kenaka adatuma mwana kukathyola mango a maboloma kuseri kwa nyumba, okhwima koma asadayambe kupsa. Adatifotokozera kuti ngakhale ku bekale kuja sankagwiritsa ntchito maapozi ofiira otsekemera, koma obiriwira owawasa otchedwa Granny Smith, chifukwa ndiwo samapsa phalaphala ndiponso kuwawasa kwawo kumagwirizana ndi shuga. Tsono mango okhwima osapsa ali ndi zonse ziwiri: ndi olimba, ndi owawasa, ndipo ulusi umene umativutitsa m'mano mango akapsa umakhala usadamveke. Tsiku limenelo tidaphika mbale ziwiri, ina ya maapozi ina ya mango, osauza ana. Mbale ya mango ndiyo idayamba kutha.

Zofunika kukonzeratu

Za chikuto chakunja: fulawa theka la kilogalamu, amene ndi makapu anayi a tiyi osasefukira, majarini magalamu 250, mchere theka la supuni ya tiyi, madzi ozizira masupuni aakulu asanu ndi atatu kapena khumi, ndi madzi a ndimu supuni imodzi ya tiyi. Majarini akhale aja olimba ophikira, okulungidwa m'pepala. Aja ofewa a m'kabakuli ndi opaka pa buledi, ndipo pa ntchito iyi adzakugwiritsani mwala.

Za m'kati: maapozi asanu, kapena mango a maboloma anayi kapena asanu okhwima osapsa, shuga masupuni aakulu anayi ngati ndi maapozi, asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu ngati ndi mango, sinamoni theka la supuni ya tiyi, madzi a ndimu theka, ndi fulawa kapena ufa wa chinangwa supuni imodzi yaikulu. Pomwe sinamoni sakupezeka, jinja wosinja pang'ono amakometsa bwino mango. Dzira limodzi kapena mkaka pang'ono ndi zopaka pamwamba. Muyeso umenewu umatulutsa masamusa pakati pa 14 ndi 16.

Yambani ndi zam'kati, dzulo lake

Phunziro loyamba limene tidalandira ndi lakuti zipatso ziphikidwe madzulo, zigone, zidzalowe m'chikuto zitaziziratu. Tsukani zipatso ndi madzi aukhondo, makamaka mango otola pansi m'nyengo yamvula. Tonse tikukumbukira kuti kolera amene adasautsa dziko lonse mu 2022 ndi 2023 adayambira m'boma lathu lomweli la Machinga. Mango osapsa ali ndi utomoni umene umawotcha khungu, choncho aviikeni m'madzi kanthawi musadasende.

Sendani, dulani tizidutswa tofanana ndi nsonga ya chala chaching'ono. Apozi akangodulidwa amayamba kuda chifukwa cha mpweya, ndipo madzi a ndimu ndiwo amaletsa zimenezi, choncho finyirani ndimu nthawi yomweyo. Ikani zipatso mumphika pamodzi ndi shuga, sinamoni ndi madzi masupuni awiri okha. Phikani pamoto wochepa mphindi zisanu ndi zitatu kapena khumi, mpaka zifewe koma tizidutswa tikuonekabe. Kenaka sungunulani supuni ya ufa ija m'madzi pang'ono, thirani, takasani mphindi imodzi, phulani. Ufawo umagwira madzi a zipatso kuti asadzatuluke pophika. Mukakoka supuni pansi pa mphika n'kuona njira ikutsala osatsekeka msanga, dziwani kuti zakhala bwino.

Chinsinsi chili pa kuzizira

Apa ndi pamene ife tidagwa, ndipo apa ndi pamene chikuto chimenechi chimasiyana ndi chapati kapena mandasi. Timapepala tija timabwera motere: tizidutswa ta majarini timatsala tathunthu pakati pa fulawa, ndipo tikalowa m'moto timasungunuka, nthunzi n'kukankha fulawa wa pamwamba kumusiyanitsa ndi wa pansi. Majarini akasungunukiratu m'manja mwanu, fulawa amangomwa mafutawo, timapepala osaoneka. Ndiponso fulawa wa tirigu ali ndi ulimbo wake umene umadzuka akamakandidwa. Pa buledi ndi chapati ulimbowo timaufuna. Pano ndi mdani, chifukwa ndiwo udatipatsa chikopa cha ng'oma chija.

Nanga wopanda firiji ku Balaka atani? Yankho lidali pafupi. Nthawi yozizira kuposa zonse pa tsiku ndi m'bandakucha, ndipo ife nthawi imeneyo timakhala tadzuka kale. Mukangomaliza Swala ya m'bandakucha, yambani ntchito. Madzi atengedwe mumtsuko umene wagona usiku wonse. Majarini agone m'kachitini kotseka bwino, koviikidwa m'madzi pafupi ndi mtsukowo. Sambani m'manja ndi madzi ozizira, pukutani, ndipo gwirirani ntchito pakhonde kutali ndi moto.

Sefani fulawa ndi mchere m'beseni. Dulirani majarini m'menemo ndi mpeni, n'kufikisa ndi nsonga za zala zokha, osati chikhatho pakuti chikhatho chimatentha. Lekani pamene tizidutswa tina tikadali tofanana ndi nandolo. Thirani madzi osakaniza ndi ndimu supuni imodziimodzi, mukusonkhanitsa ndi mpeni kapena foloko, mpaka fulawa agwirane. Musakande. Ngakhale aoneke osasalala, musiyeni choncho. Mukulungeni m'nsalu yoyera yonyowa pang'ono, muike m'mbale, mbaleyo ikhale pamwamba pa madzi ozizira kwa theka la ola.

Kenaka wazani fulawa pa tebulo loyera, pyapyalitsani ndi botolo kuti akhale wamtali ngati nsanamira yogona. Botolo lodzaza madzi a mumtsuko ndi kutseka bwino limaposa mtengo wa chapati, chifukwa limaziziritsa. Pindani patatu monga tipindira kalata, tembenuzani, pyapyalitsaninso. Chitani zimenezi katatu, n'kumupumitsanso mphindi khumi ndi zisanu. Kupinda kulikonse kumachulukitsa timapepala katatu: kuchoka pa titatu, kufika pa tisanu ndi tinayi, mpaka 27. Mukaona majarini ayamba kunyezimira ndi kumata pa tebulo, imani, mubwezereni pozizira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pomaliza pyapyalitsani mpaka kuchindikala kwake kufanane ndi ndalama ziwiri zachitsulo zosanjikiza. Dulani mozungulira potsatira kambale ka kapu ya tiyi, kapena dulani mabokosi a mbali zinayi zofanana ngati mukufuna a makona atatu onga samusa. Ikani supuni imodzi yaikulu ya zipatso chakumbali imodzi, kusiya malo m'mphepete okwana chala. Dyera loika zambiri ndilo limaphulitsa. Nyowetsani m'mphepete ndi madzi, pindani, dindani ndi mano a foloko kuzungulira. Bayani pamwamba kawiri ndi nsonga ya mpeni kuti nthunzi ipeze potulukira. Pakani dzira kapena mkaka, wazani shuga pang'ono.

Uvuni wa mumphika

Amene ali ndi uvuni wa magetsi autenthetse mpaka madigiri 200, aphike mphindi 20 kapena 25. Amene amagwirizana ndi wophika masikono pa msika angathe kupempha malo mu uvuni wa njerwa. Koma ambiri a ife tili ndi mbaula kapena mafuwa, ndipo palibe chodandaulitsa, pakuti amayi athu akhala akuphika chigumu ndi moto wa pansi ndi wa pamwamba kuyambira kale.

Tengani mphika waukulu wachitsulo, thirani mchenga wa kumtsinje wotsuka ndi kuumitsa, wokwana zala ziwiri. Pamchengapo khazikani timiyala titatu tofanana, ndipo pa timiyalapo mukhale mbale yachitsulo kapena kathireyi kopaka mafuta. Vundikirani ndi chivundikiro chachitsulo, ikani makala amoto pamwamba, mphika utenthe wopanda kanthu kwa mphindi khumi ndi zisanu. Pofuna kudziwa ngati watentha mokwana, wazani kafulawa pa mbale ija. Kakasanduka kofiirira m'mphindi imodzi kapena ziwiri, nthawi yakwana. Kakada nthawi yomweyo, chepetsani moto. Kakakhala koyera, dikirani. Mphika wosatentha bwino umasungunula majarini pang'onopang'ono n'kuwatayira m'mbale, chikuto n'kutsala chouma.

Moto wa pamwamba uchuluke kuposa wa pansi. Musavundukule m'mphindi khumi ndi zisanu zoyamba. Zikatero onani, tembenuzani mbale ngati mbali ina ikupsa msanga, ndipo pofika theka la ola amakhala apsa. Achotseni, muwaike pa lichero kuti mphepo ipite pansi. Chenjezani ana kuti adikire, chifukwa shuga wa m'kati amasunga moto nthawi yaitali ndipo amawotcha lilime koposa phala.

Tikudziwa mmene makala akumalizira nkhalango ya Liwonde ndi mapiri a ku Machinga, ndipo sitifuna kuti chakudya chathu chionjezere vutoli. Zitsononkho za chimanga ndi mapesi a nandolo zimapereka moto wokwanira wa pa chivundikiro, ndipo mbaula yadothi ya chitetezo imasunga kutentha ndi nkhuni zochepa. Mphika ukatentha musauwononge moto: phikani maulendo awiri kapena atatu motsatizana, mwina mogwirizana ndi anzanu oyandikana nawo. Ndipo musagwiritse ntchito chitini chimene mudali penti kapena mankhwala.

Wofuna kukazinga m'mafuta monga samusa wa masiku onse angathe kutero, koma agwiritse ntchito chikuto cha samusa chozolowereka chija. Chikuto cha majarini ambiri chimaphwasuka m'chiwaya.

Zoyenera kusamala pa banja la Chisilamu

Ubwino wophika wekha ndi wakuti umadziwa chimene chalowa mumphika. M'maphikidwe akale a ku Ulaya chikuto cha payi ankachipanga ndi mafuta a nkhumba, ndipo mabuku ena a zophikaphika amalangiza kuthira mowa pang'ono m'zipatso. Zonunkhiritsa zina za m'timabotolo, monga vanila, zimasungunulidwanso mu alikoholi. Choncho pogula majarini, zonunkhiritsa kapena chikuto chopangiratu cha m'masitolo aakulu, werengani zolembedwa pa pepala ndi kuyang'ana chizindikiro cha halaal. Sinamoni, jinja ndi khungu la ndimu lopala zimanunkhiritsa mokwanira popanda chikaiko chilichonse.

Tisaiwalenso akuluakulu athu amene ali ndi matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Chakudyachi chili ndi mafuta ndi shuga wambiri. Ndi cha tsiku la Ijumaa, cha Idi, cha mlendo, osati cha m'mawa uliwonse. Kwa iwo pangani tating'ono, tochepa shuga, kapena apatseni zipatso zophika zokha.

Ramadhan ikubwerera ku nyengo ya mango

Pali chifukwa china chimene tasankhira nkhaniyi tsopano. Mwezi wa Ramadhan umabwerera m'mbuyo masiku khumi kapena khumi ndi limodzi chaka chilichonse, ndipo umazungulira nyengo zonse m'zaka pafupifupi 33. Akuluakulu akukumbukira kuti m'zaka za 1998, 1999 ndi 2000 tidafunga mu Disembala, mango ali pakati pa nyengo. Ramadhan ya 2025 idayamba kumayambiriro kwa Malichi. Malinga ndi kuoneka kwa mwezi, ya 2028 idzayamba chakumapeto kwa Januwale, ndipo m'chaka cha 2030 idzafika kawiri, kumayambiriro kwa Januwale ndi kumapeto kwa Disembala. Kwa zaka zingapo kuchokera pamenepo tidzakhala tikufutulu mango ali m'mitengo.

Koma miyezi imeneyi ndi yomwenso nkhokwe zimakhala zitapepuka, ndalama zitapita ku feteleza ndi ku sukulu. Mayi amene amafuna kuika kanthu kokoma pambali pa futali madzulo, nyama ya samusa atailephera, adzapeza kuti mtengo wa kuseri kwa nyumba uli ndi yankho. M'mwezi wofunga nthawi yabwino yokonza ndi mukangotha kudya daku ndi kuswali: phikani m'mawa momwemo kukadali kozizira, vundikirani ndi nsalu yoyera, mudzatenthetse pang'ono dzuwa likamalowa.

Nanga zaka zimene Ramadhan ikufika mango atatha? Kuno kuchigwa mango amakhwima msanga, mu Okutobala ndi Novembala, dzuwa lili pa ukali wake mvula isadayambe. Imeneyo ndiyo nthawi yoyanika. Sendani, lengani mopyapyala, yanikani pa thandala loyera mutaphimba ndi kansalu kopyapyala koletsa ntchentche, mpaka aume moti akupindika ngati chikopa osatulutsa madzi. Sungani m'botolo kapena m'chitini chotseka bwino. Podzaphika aviikeni m'madzi ola limodzi kapena awiri, n'kuwaphika monga tafotokozera. Chipembedzo chathu chimatiletsa kuononga chakudya, ndipo mango oolera pansi pa mtengo nawonso ndi chakudya chimene tidapatsidwa.

Kunja kwa nyengo ya mango ziliponso zina. Papaya wokhwima wosapsa amalowa bwino m'malo mwa apozi mukamuonjezera ndimu. Ufa wa malambe, amene ku Balaka sitichita kuwafuna kutali, umawawasitsa ndiponso umalimbitsa madzi a zipatso; supuni imodzi imakwana. Nthochi zakupsa sizifuna kuphikiratu, ingodulani n'kuwaza sinamoni. Ndipo tsiku limene m'thumba muli kanthu, gulani maapozi obiriwira awiri, muphatikize ndi mango, kuti ana adziwe kukoma kwa zonse ziwiri.

Kwa amene akuganiza za geni

Alamu athu ena adayamba kupanga masamusa amenewa n'kumagulitsa kwa aphunzitsi ndi kwa anthu otuluka ku mzikiti Lachisanu. Langizo lawo ndi lakuti munthu ayambe wawerengera. Lembani mtengo wa fulawa, majarini, shuga, dzira ndi nkhuni, gawani ndi khumi ndi zisanu, ndipo mudzadziwa mtengo wa mmodzi musadaikepo phindu ndi thukuta lanu. Mukawerengera ndi maapozi mudzaona kuti mtengo ukufika poti wogula wa pamudzi sangaufikire. Mukawerengera ndi mango a pakhomo, geni ikutheka. Ena amachepetsa fulawa posakaniza gawo limodzi la ufa wosalala wa chinangwa ndi magawo atatu a fulawa, ndipo chikuto chimatulukabe bwino, ngakhale chimafuna dzanja lofatsa popinda. Pangani okwana tsiku limodzi kapena awiri, pakuti m'nyengo yotentha zipatso zophika sizichedwa kusasa. Musawatsekere m'pulasitiki akadali otentha, ndipo musawakulunge m'nyuzipepala.

Achimwene aja tsopano adamanga kauvuni ka njerwa kuseri kwa nyumba, ndipo amene ankanong'onezana aja ndiwo amatumiza ana m'mawa kudzagula. Chimene chimatikondweretsa koposa ndi chakuti ana aakazi ndi aamuna omwe pakhomo pano aphunzira kupinda. Mdzukulu wathu wa zaka khumi ndiye katswiri wodinda ndi foloko, ndipo mango akayamba kukhwima iye ndiye amayamba kukumbutsa agogo ake kuti mitsuko igone yodzaza.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Chaka chino mango akayamba kulemera m'nthambi, thyolani anayi asadapse, muyese. Ulendo woyamba mwina adzaphulika monga adachitira athu. Musataye mtima, onani ngati vuto lidali kutentha kwa manja, zipatso zosazizira kapena moto wochepa, n'kuyesanso. Akakhala bwino, mbale yoyamba ipite kwa oyandikana nawo nyumba, ndipo mutilembere kutiuza mmene zayendera kwanuko. Tidzakumananso m'kope likudzali, Insha Allah.